Dimba la kuseri ku Chigumula: mbewu za ku Scotland m'chisanu chathu

6 Epulo

Mvula yayamba kutsanzika. Sabata ino yangowaza kamodzi, ndipo m'mawa uno ndatulutsa juzi m'sutikesi koyamba chiyambire chaka. Nthawi yakwana yotsegula chitini cha mbewu chomwe achemwali anandisiyira atabwera pa Khirisimasi. Iwo amakhala ku Glasgow, ku Scotland, komwe amachita lendi kadimba kakang'ono pamodzi ndi anzawo. Tinapangana kuti iwo adzala zakwathu kumeneko, nkhwani, mpiru, bonongwe ndi therere, ine ndidzala zakumeneko kuno, ndiye tiziuzana momwe zikuyendera. Iwo kulemba sakonda, amangoponya zithunzi pa WhatsApp. Wolemba ndine.

M'chitinimo muli mapaketi 4: nsawawa za Kelvedon Wonder, letesi wa Little Gem, kale (ndiwo ya gulu la repu) wamasamba opotanapotana, ndi anyezi wa Ailsa Craig yemwe pachithunzi ndi wamkulu ngati mutu wa khanda.

Kuseri kwa mapaketiwa alemba miyezi yofesa ndi yokolola, ndipo yonse ikuzungulira pomwepo: kufesa cha m'Malichi mpaka Meyi, kukolola cha m'Julayi mpaka Sepitembala. Poyamba ndinati izi sizikundikhudza, nyengo zawo ndi zathu zimayenda motembenuzana. Kwawo Julayi ndi mwezi wotentha, kuno ndi pomwe timagona ndi masokosi. Koma nditawafunsa kuti kutentha kwa Julayiko kumafika pati, anati masiku ambiri masana ndi madigiri 18 kapena 19. Ndinaseka. Kuno Julayi masana timafika cha pa 22 ndipo timadandaula. Ndiye kuti chomwe iwo amavulira majekete ndi chomwe ife timaothera moto, ndipo miyezi ya papaketi ikundiyenera mwangozi. Ndiitsata.

Mabedi ndakonza 4, lililonse mita imodzi m'lifupi, mamita 4 m'litali. Dothi la mbali ya kumunsi silinabwererebe chichokere namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pomwe madzi anakokolola lachonde lonse n'kundisiyira katondo wolimba ngati njerwa. Ndathirako mawilibala 6 a manyowa a nkhuku owola bwino ndi kompositi wa masamba a mapeyala.

21 Epulo

Nsawawa ndinadzala molunjika pabedi, zonse zamera. Kale nayenso wamera. Anyezi wamera ngati tsitsi. Letesi yekha ndiye anandinyoza: pamzere wonse panatuluka timbewu 7.

Cholakwa ndi changa. Nazale ndinayika poyera pafupi ndi khoma, ndipo Epulo masana dzuwa likadali ndi mano. Mbewu ya letesi dothi likatentha kuyandikira madigiri 30 imangogona, siimera. Ndafesanso madzulo, kuthirira madzi ozizira a m'mtsuko, n'kumanga kadenga ka udzu pamwamba. Patatha masiku 4 mzere wonse wabiriwira.

10 Meyi

Lero kuwokera. Madala a kuseri kwa mpanda, omwe anagwira ntchito ya m'dimba zaka zambiri pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, anabwera kudzaonerera atatsamira ndodo yawo. Anatenga paketi ya anyezi, kuiyang'ana chithunzi, kenako kuyang'ana ine.

"Aphunzitsi, ameneyu mwamudzala yekha?"

Ndinati eya.

"Pitani mukagule mbande za wofiira mudzale pambali pake. Mukadzalira, mudzalire muli ndi anyezi m'nyumba."

Chifukwa sananene, ine sindinafunse, koma ndinakwera minibasi mpaka pa Bvumbwe n'kugula mbande za Red Creole. Bedi la anyezi ndaligawa pakati: kumtunda wa achemwali, kumunsi wofiira. Ndagulanso mbande 12 za tomato wa Tengeru chifukwa mayi a ana anena kuti dimba lopanda tomato ndi chipongwe, ngakhale ndikudziwa kuti ino si nyengo yake yabwino pamalo ozizira ngati pano.

Pa Bvumbwe ndinaimapo kanthawi kuyang'ana milu ya kabichi, karoti ndi nsawawa m'mbali mwa msewu. Zomwe ine ndikuyesa ngati zachilendo, alimi a kumeneko, a ku Dedza ndi a ku Tsangano akhala akuzilima kuyambira kale. Malo okwera amazizira, ndipo masamba a ku Ulaya amakonda kumeneko. Sizinangochitika kuti boma linayika malo ake ofufuzira za masamba ndi zipatso ku Bvumbwe komweko.

29 Meyi

Uthenga wa ku Glasgow. Nkhwani zawo zakhala pawindo la kukhitchini m'timiphika kwa milungu 5, ndipo azitulutsa panja dzulo lomweli. Akuti kumeneko munthu sadzala maungu panja Meyi asanathe, chifukwa chisanu choundana chimatha kubwera usiku umodzi n'kupsereza zonse. Therere sanalitulutse n'komwe, lili pawindo, masamba 4, likuoneka ngati likufuna kubwerera kwawo.

Anandiuzanso kuti Loweruka anapita ku Blantyre. Ndinadabwa kaye, kenako ndinakumbuka. Ndi ka tauni kam'mphepete mwa mtsinje wa Clyde, kufupi ndi Glasgow, komwe David Livingstone anabadwira mu 1813, ndipo amishoni a ku Scotland atakhazikika kuno mu 1876 anatenga dzina limenelo. Ndinawauza kuti ndiye ayang'ane ngati kumenekonso kuli Ndirande.

15 Juni

Chiperoni, tsiku lachitatu. Phiri la Bangwe silikuoneka, ngakhale mtengo wa mapeyala wa aneba ukungooneka ngati chithunzithunzi. Si mvula yoti munthu n'kuithawa, ndi kamfumbi kongoyandama, koma ukaima panja mphindi 10 juzi yalemera. Mphepo imeneyi imachokera kum'mwera chakum'mawa, itanyamula chinyontho cha nyanja ya mchere ya India, ndipo dzina inatenga ku phiri la Chiperone ku Mozambique, kuseri kwa Mulanje. Ikafika pamapiri athuwa imakwera, kuzizira, n'kusanduka nkhungu. A ku Chileka akhoza kukhala akuona dzuwa pomwe ife kuno tikuyatsa magetsi masana.

Ndinatuluka 6 koloko ndi kapu ya tiyi kukaona mabedi. Kachoyezera kutentha komwe ndinapachika pamtengo wa gwafa kamaloza 11. Tomato anali atazyolika, masamba atapindikira mkati ngati munthu wofunda chitenje pamaliro. Koma nsawawa! Zakwera timitengo tonse tomwe ndinazika, tizingwe tawo tagwira paliponse, ndipo maluwa oyera atuluka, lililonse ndi kadontho ka madzi kakulendewera kunsonga. Kale masamba ake agwira madzi m'makwinya monse, ukagwedeza amagubuduka ngati mikanda osanyowetsa tsamba. Letesi wayamba kukulunga mitu. Zomera zitatuzi zili kwawo. Ndinatumiza chithunzi kwa achemwali, anayankha kuti, "Achimwene, mwajambula pakhomo panga?"

Masiku atatuwa sindinagwire kheni. Phindu la chiperoni ndi limenelo.

22 Juni

Usiku wathawu foni inalira 11 koloko, ine nditagona kale. Achemwali pavidiyo, ali m'dimba mwawo, kunja kukuwala. Kwawo inali 10 koloko usiku ndipo dzuwa linali likungolowa kumene. Masiku ano kumeneko kumawala maola opitirira 17. Kuno dzuwa latuluka itangokwana 6, pofika hafu faifi lapita, maola 11 ndi mphindi zochepa.

Anandiyimbira kuti ndione mpiru wawo. Wonse wathamangira kumwamba, mapesi aatali, maluwa achikasu, masamba ang'onoang'ono ngati makutu a mbewa. Sanathyoleko ngakhale kawiri. Amafunsa ngati ndinawapatsa mbewu yoipa. Mbewuyo ndi yomweyo ndimadzala kuno chaka ndi chaka ndipo ndimathyola miyezi iwiri isanaganize za maluwa.

Nditaika foni pansi tulo sitinabwere. Ndinakhala ndikuganiza kuti ine ndinangoyerekeza kutentha kokha, 19 kwawo, 22 kwathu, n'kuiwala kuti chomera chimawerenganso maola a kuwala. Mpiru tsiku likatalika umadziwa kuti nthawi yobereka yakwana, ndiye umasiya masamba n'kuthamangira njere. Kwa achemwali unamera n'kupeza kuwala kwa maola 17, unaona ngati wachedwa kale. Ndipo pomwepo ndinakumbukira madala aja ndi anyezi wawo wofiira. M'mawa uno ndapita kukayang'ana Ailsa Craig. Ali bwinobwino, masamba obiriwira, aatali kuposa a Red Creole. Ndamuyang'ana ndi diso lina.

12 Julayi

Kukolola koyamba kwa nsawawa: beseni laling'ono lodzaza. Zotsekemera moti mwana wanga wamkazi wadya theka zosaphika akusenda. Nsawawa zogula pamsika wa Limbe sizikoma chonchi, osati chifukwa cha mtundu wokha, koma shuga wa m'nsawawa amayamba kusanduka ufa zikangothyoledwa, ndiye zogona tsiku panjira zataya kale mbali ina. Letesi tikudya tsiku lililonse mpaka tatopa naye, mitu ina ndagawira anzanga kuntchito. Kale mayi a ana anamukayikira, akuti masamba olimba ngati chiguduli, koma atamudula bwino n'kumutendera nsinjiro palibe anasiya m'mbale. Amafuna kuphika kanthawi kuposa repu.

Tomato ndiye maliro. Chiperoni chachiwiri chinakhala masiku 5, ndipo chitachoka ndinapeza mawanga akuda pamasamba, m'mphepete mwake motuwa ngati mwanyowa ndi mafuta, kunsi kwa tsamba kuli kaubweya koyera. Chiwawu. Matendawa amakonda ndendende nyengo imeneyi, kuzizira ndi masamba osauma usana ndi usiku. Ndi omwewa anaononga mbatata ya kachewere ku Ireland kuyambira mu 1845 mpaka anthu kufa ndi njala, ndipo achemwali akuti kwawoko aliyense wofuna tomato amamulima m'kanyumba ka magalasi kapena ka pulasitiki, mbali ina kuthawa kuzizira, mbali ina kuthawa omwewa. Ndadula masamba odwala n'kuwatentha, ndazula mitengo 5 yomwe tsinde linada kale, yotsalayo ndapopera Dithane. Ndinayenera kupopera nkhungu isanabwere. Mankhwalawa amateteza tsamba labwino, sachiza lodwala.

Ngakhale mitengo yamoyoyo maluwa akungoyoyoka. Usiku ukamatsika pansi pa madigiri 13, tomato sagwira zipatso bwino. Ndawauza mayi a ana kuti apitirize kugula.

3 Ogasiti

Nkhungu yachepa, kwabwera mphepo ndi fumbi. Mabedi akuuma msanga. Madzi ambiri a mumzinda uno amachita kupopedwa kuchokera mu Shire ku Walker's Ferry kukwera phiri lonseli, ndiye si oti munthu azimwaza pa letesi mopanda chisoni. Ndayika dramu pakhomo la khitchini, madzi otsukuluzira mbale ndi otsukira mpunga onse akupita m'menemo. Mabedi onse ndaphimbira ndi udzu wouma, ndipo kuthirira kwatsika kuchoka pa makheni 12 patsiku kufika pa 7.

Nsabwe zagwira kale, zotuwa, zodzazana m'makwinya momwe madzi aja ankakhala. Kupotana kwa masamba komwe ndinkakuyamikira ndi komwe kukuzibisa. Ndasinja masamba a nimu ndi tsabola, kuviika usiku, kusefa, kuthiramo sopo pang'ono, n'kupopera kunsi kwa masamba madzulo. Kawiri pasabata. Zachepa, sizinathe.

Ku Glasgow adani ndi ena, nkhono zopanda chigoba. Akuti zimatuluka usiku kukagwa mvula, ndipo bonongwe yense zinamumaliza akadali wamfupi ngati chala. Koma nkhwani zayala dimba lonse mpaka kulowerera kwa mnzawo, mzungu wachikulire, yemwe anadabwa kuwaona akuthyola masamba n'kumasadzula m'malo modikira maungu. Anamuphikira zotendera ndi chiponde cha m'botolo. Akuti anawonjezera kawiri.

26 Ogasiti

Red Creole wayamba kutupa. Dothi lang'ambika kuzungulira tsinde lililonse ndipo mapewa ofiira akuonekera. Ailsa Craig ayi. Khosi lanenepa ngati chala chachikulu cha kuphazi, masamba afika m'bondo, koma nditafukula mmodzi pansi palibe mutu, wangoongoka ngati mzimbe waung'ono.

Madala anasuzumira pampanda.

"Aphunzitsi, mlendo wanu akudikira chiyani?"

Ndinati akudikira tsiku la maola 15.

"Ndiye adikira mpaka Yesu adzabwere."

Anandifotokozera kuti ku esiteti kuja kunabwera dona wina ndi mbewu za anyezi zochokera kwawo, anadzala zaka ziwiri zotsatizana, manyowa onse, madzi onse, osapeza mutu ngakhale umodzi, mpaka anayamba kuwaganizira antchito kuti akuba. Iwo za maola sankazidziwa, ankangodziwa kuti anyezi wa kwa azungu kuno sabereka. Nkhani yake ndi iyi: anyezi amayamba kupanga mutu tsiku likafika pautali womwe mtundu wake umafuna. Mitundu ya kumpoto kwenikweni ngati Ailsa Craig imadikira maola 14 mpaka 16. Mitundu ngati Red Creole ndi Texas Grano imakhutira ndi maola 11 kapena 12. Ife tili pafupi ndi pakati pa dziko, tsiku lathu lalitali kwambiri, la mu Disembala, limangofika cha pa maola 13. Palibe feteleza angawonjezere dzuwa.

Chomwe chikundipweteka n'choti papaketi sanalembepo chilichonse cha izi. Sindikuwada, analembera anthu a kwawo omwe safunika kuuzidwa. Koma ndaonapo mapaketi obwera kuchokera kunja akugulitsidwa m'mashopu ena m'tauni muno, zithunzi zokongola, ndipo ndikudabwa kuti ndi angati anabwerera kunyumba n'kumadziimba mlandu kuti alibe dzanja la ulimi.

19 Sepitembala

Kwatentha. Jakaranda wayamba kuchita maluwa m'misewu ya m'tauni, ndipo kachoyezera kanga dzulo masana kanafika 29. M'masabata awiri okha dimba latembenuka. Letesi wotsala watumphuka pakati n'kutalika ngati nsanja, ukathyola tsamba pakutuluka mkaka woyera, kulawa kuwawa. Nsawawa zasiya maluwa, masamba agwidwa ndi ufa woyera kuyambira pansi. Sindinavutike kupopera, nthawi yawo yatha. Mzere umodzi ndausiya kuti uume ndisunge mbewu. Zonse pamodzi ndakolola mabeseni 5, ndipo ndikanafesa kawiri, kachiwiri pakati pa Meyi, ndikanapeza ochuluka. Chaka chamawa.

Tomato yemwe ndinamulira mu Julayi wadzuka. Mitengo 7 yotsala yaphuka nthambi zatsopano, maluwa akugwira, tizipatso tili mbwee. Tsopano mdani ndi akangaude ofiira aja okonda kouma, ndiye ndikumwaza madzi kunsi kwa masamba m'mawa.

Kale akupirira kuposa momwe ndimayembekezera, kungoti masamba akulimba ndipo kukoma kwa mu Julayi kwapita.

Kwa achemwali zinthu zikulowera kwina. Masiku akufupika mothamanga, sabata ino usana ndi usiku zikulingana kwawo ndi kwathu komwe, maola 12 aliyense. Mpiru womwe anafesanso kumayambiriro kwa Ogasiti, nditawauza kuti ayese masiku akayamba kufupika, wachita bwino, masamba otambalala, palibe duwa. Ananditumizira chithunzi cha nsima ndi mpiru wotendera patebulo, kunja kwa windo kukugwa mvula.

4 Okutobala

Ndazula Red Creole makosi atagwa okha. Mitu 58, yapakatikati, yolimba. Ndayanika pamthunzi pakhonde, ndimanga m'mitolo ikauma. Khumi ndapereka kuseri kwa mpanda. Madala analandira ndi manja awiri osanena kanthu, kungoti maso anapita pa Ailsa Craig yemwe akadali chiimire.

Ameneyo tikumudya ngati anyezi wamasamba. Mayi a ana akuti m'mazira ndi mu usipa akukoma, ndipo ndi wofatsa, salilitsa. Bedi lake ndikulifuna, ndiye pofika Loweruka akhala atatha.

20 Okutobala

Dzulo masana kunachita mdima mbali ya Mulanje, mabingu awiri, kenako chizimalupsa, mphindi 20 zokha koma fungo la dothi linadzaza nyumba. Si mvula yodzalira chimanga, aliyense akudziwa, koma kwa dimba ndi belu.

Ku Glasgow chisanu choundana chinafika usiku wa Lachiwiri. Chithunzi chomwe anatumiza m'mawa mwake chikuonetsa nkhwani zonse zitada n'kugwa pansi ngati zathiridwa madzi owira. Maungu anabereka atatu, osakhwima, khungu lofewa loti chikhadabo chikulowa. Mbewu ya kwathu imafuna miyezi yotentha yambiri kuposa yomwe iwo ali nayo. Mwamwayi anali atathyola masamba ambiri sabata yathayo, kuwafutsa n'kuwaumitsa mu uvuni pamoto wochepa poti dzuwa loyanikira mfutso kulibe. Therere lija linafera pawindo ndi duwa limodzi. Apempha kuti ndiwasungire mbewu ya chisoso ndi ya kholowa ndione ngati ingatheke kunyamula, ndawauza kuti kholowa ndi wa mbatata, amadzala mphukira, ayambe afunsa malamulo a kumeneko.

Ine ndasenda nsawawa zouma, zakwana kapu imodzi ndi theka. Ndazisakaniza ndi phulusa n'kuzitsekera m'botolo, palembedwa kuti Epulo. Letesi wina ndamusiya achite njere. Mabedi atatu ndagaula, ndathira manyowa otsala, ndipo ndakweza mizere kuti madzi a dzinja asadzaime. Mawa m'mawa ndifesa bonongwe ndi therere pabedi la anyezi, maungu kumpanda kuti akwere, ndipo ndiyenera kukumba ngalande ya kumtunda mvula yeniyeni isanabwere.